Beaver anachira msanga, nanga akamba a m'nyanja akuchedweranji?

MphunzitsiWaKuNtchisi:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso lomwe landikhala pamtima kuyambira Lachitatu. Ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe pasukulu yathu ya sekondale, ndipo teremu ino tikuphunzira za nyama zomwe zinatsala pang'ono kutha koma anthu n'kuzipulumutsa. Ndinasankha ziwiri zosiyana kutalitali: beaver, nyama yomanga madamu m'mitsinje ya ku Ulaya ndi ku North America, komanso akamba a m'nyanja zamchere. Nditawauza anawo kuti ma beaver a ku Ulaya ndi ku Asia anatsala pafupifupi 1,200 okha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 koma lero apitirira 1 miliyoni, mtsikana wina wa Fomu 3 anakweza mkono. Akuti, "Aphunzitsi, mwati beaver amaswa ana awiri kapena atatu pa chaka, pomwe kamba amaikira mazira 100 ulendo umodzi. Nanga bwanji wa ana ochepayo ndiye wachira msanga?" Ndamulonjeza yankho lomveka bwino sabata yamawa. Ndithandizeni. Chachiwiri, beaver ndimutchule chiyani m'Chichewa? Ndinawauza kuti ali ngati katumbu koma mtima sunakhazikike.

WaKuSengaBay:
Katumbu ayi aphunzitsi. Katumbu timamudziwa kuno, amadya nsomba ndi nkhanu, amang'amba maukonde. Winayo ndimamva kuti nsomba sadya n'komwe.

Mkamwini_wa_Perth:
A WaKuSengaBay anena zoona. Ine ndili ku Scotland kuno, m'dera la mtsinje wa Tay, ndipo ma beaver ndawaonapo ndi maso kangapo chakumadzulo dzuwa litapendeka. Abale ake enieni ndi mbewa, gologolo, nungu ndi ntchenzi, nyama zoteketa ndi mano akutsogolo. M'banja lonselo amene amamuposa kukula ndi capybara wa ku South America yekha. Wamkulu amalemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo, ndiye mukawauza ana kuti ndi ntchenzi yaikulu ya m'madzi, ya mchira wophwatalala ngati nkhafi, akhala ndi chithunzi chabwino kuposa cha katumbu.

Amadya makungwa, masamba, nthambi zanthete ndi zomera za m'madzi. Mano ake akutsogolo ndi ofiirira chifukwa ali ndi ayironi, ndipo sasiya kukula moyo wake wonse, ndiye kuteketa mitengo kumawanola. Mukafika pomwe pali ma beaver simufunsa. Mumangoona zitsa zosongoka ngati pensulo, pansi pali zibenthu mbwee. Damu amamanga ndi nthambi, matope ndi miyala kuti madzi azame, chifukwa khomo la nyumba yake limakhala pansi pa madzi pomwe adani sangalowe, ndipo nthambi zodya nyengo yozizira amazisunga pansi pa madzi pomwepo. Akaona choopsa amamenya madzi ndi mchira, phwa! Onse n'kumira. Amatha kukhala pansi pa madzi mpaka mphindi 15.

Dzina ndiye ingonenani beaver. Nyama yomwe makolo athu sanaione sangaisiyire dzina.

Dzidzi88:
Koma zinazi. Mpoto uko Chikangawa yatha, chambo chikusowa, ife tili kalikiliki ndi nyama zomwe kwathu kulibe. Anawo muziwaphunzitsa za kwathu.

MphunzitsiWaKuNtchisi:
Achimwene a Dzidzi88, za kwathu timaphunzira teremu iliyonse, ndipo nazale ya mitengo tili nayo kuseri kwa laibulale. Ndinasankha dala nyama zakutali kuti ana aganize popanda kukangana kuti wolakwa ndi bambo wa ndani. Ndikanena za makala, theka la kalasi limagwetsa nkhope chifukwa ndi momwe fizi yawo imachokera.

Dzidzi88:
Apo ndamva. Pitirizani.

Nachisale_KZN:
Ine ndiyankhe mbali ya akamba, chifukwa ndimagwira ntchito pamalo ogona alendo kufupi ndi Sodwana Bay, m'paki ya iSimangaliso ku South Africa kuno. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale akamba amitundu iwiri amatuluka usiku kudzaikira mazira pamchenga: wamutu waukulu wotchedwa loggerhead, ndi chimphona chija chotchedwa leatherback chomwe chigoba chake si cholimba koma chili ngati chikopa.

Nthawi yoyamba yomwe ndinapita ndi owaperekeza alendo sindidzaiwala. Tinayenda mumdima popanda tochi yoyera, amalola kuwala kofiira kokha. Choyamba tinaona mkukuluzi pamchenga ngati padutsa thirakitala. Kutsogolo tinamupeza mayiyo akukumba. Amakumba ndi zipsepse zakumbuyo, kutapa mchenga pang'onopang'ono, uku kenako uku, mpaka dzenje litazama ngati mtsuko. Mazira ake ndi obulungira, a khungu lofewa, sasweka akamagwera m'dzenjemo. Nthawi yonseyo akupuma mwamphamvu ngati munthu wosenza katundu pachitunda, m'maso mukutuluka misozi. Mlendo wina analira naye. Atiuza kuti si chisoni, ndi momwe thupi lake limatayira mchere wa m'nyanja. Atamaliza anakwirira, n'kumwaza mchenga kuti malo asadziwike, n'kubwerera m'madzi. Basi. Ana akewo sadzawaonanso.

Aphunzitsi, yankho la mwana wanu likuyambira pamenepo. Beaver amalera, kamba salera. Pakatha miyezi pafupifupi iwiri tiana timatuluka tokha, tating'ono tokwana pachikhatho, n'kuthamangira kumadzi. Nkhanu za pamchenga zimatigwira, mbalame zimatola, m'madzimo nsomba zikudikira. Akatswiri amati mwa ana 1,000 mwina mmodzi yekha ndiye amafika pokula. Ndiye mazira 100 aja musawaone kuchuluka.

GogoNaphiri:
Mwafotokoza bwino mwanawe, ndachita ngati ndinali pomwepo. Koma mundiuze, ameneyu ndi kamba kapena fulu? Ife timadziwa kamba wa kutchire wobisa mutu.

WaKuSengaBay:
Agogo, kwathu kunyanja wa m'madzi timati nkhasi. Ilipo ina yaikulu ya chigoba chofewa m'nyanja yathu ino, imatulukanso kudzaikira pamchenga, ndipo anthu amafukula mazira ake. Ng'azi nazonso zimafukula. Ndili mwana tinkaziona kawirikawiri, pano ndimatha chaka osaiona. Ine ndikanakonda aphunzitsi anene kuti nkhasi za m'nyanja zamchere, ana amva msanga.

Chipata_Line:
Kuno ku Chipata timangoti fulu zonse. Osalimbana ndi maina, funso la mwana lisazizire.

Nachisale_KZN:
Agogo, wa m'nyanjayu mutu sangaubweze m'chigoba ngati wa kutchire, ndipo m'malo mwa miyendo ali ndi zipsepse. Koma amapuma mpweya ngati ife, akakodwa muukonde pansi pa madzi amafa chomira.

Kafukufuku_Zomba:
Ndawerenga zonse, ndiloleni nditambasule pang'ono chifukwa funso la mtsikanayu ndi lomwe limafunsidwa ngakhale ku yunivesite.

Chofunika si kuchuluka kwa mazira ayi. Chofunika ndi zaka zomwe zimadutsa kuti mwana wobadwa lero adzabereke wake. Beaver amakhala ndi makolo ake zaka pafupifupi ziwiri, akuthandiza kukonza damu ndi kulera ang'ono ake, kenako amachoka kukayamba banja lake ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Bambo ndi mayi amakhala limodzi, ana amabadwira m'nyumba yotetezeka, ndiye ambiri amakula. Mukaletsa kuwapha lero, pakatha zaka 30 padutsa mibadwo pafupifupi 10.

Tsono taonani kamba. Ku gombe lomwe akunena a Nachisale, ntchito yowerenga ndi kuteteza akamba inayamba mu 1963, ndipo ndi imodzi mwa zakale kwambiri padziko lonse. Kwa zaka zambiri ofufuza ankaika chizindikiro pachigoba cha tiana tisanalowe m'madzi, n'kumadikira kuti tidzabwerera liti kudzaikira. Anapeza kuti loggerhead wa kumeneko amayamba kuikira ali ndi zaka pafupifupi 36. Ganizirani zimenezo. Munthu amene anateteza dzira ali mnyamata amadzaona phindu lake ali ndi imvi. Pa zaka 30 zomwe beaver wadutsa mibadwo 10, kamba sanamalize ngakhale umodzi. Ndiponso mayi saikira chaka chilichonse, amadumpha zaka ziwiri kapena zitatu, ngakhale kuti pa nyengo imodzi amakumba maenje angapo.

N'chifukwa chake kupha kamba mmodzi wamkulu n'koopsa kuposa kutaya mazira mazanamazana. Iyeyo ndi uja mmodzi wopulumuka pa 1,000, wadya zaka zoposa 30 kuti afike pamenepo.

Chachiwiri ndi malo. Banja la beaver limakhala pa kachigawo kamodzi ka mtsinje. Boma limodzi, ngakhale mwini munda mmodzi, akhoza kuliteteza moyo wake wonse. Kamba amaswedwa dziko lina, kukulira pakati pa nyanja popanda mwini, kukadya kugombe la dziko lachitatu, kenako n'kubwerera kudera lomwe anabadwira, motsogozedwa ndi mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Mungamulondere bwino pamchenga wanu, iye n'kukakodwa pa mbedza makilomita 3,000 kutali ndi inu.

MphunzitsiWaKuNtchisi:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Za mibadwo 10 ndi umodzizo ndizijambula pabolodi.

Nachisale_KZN:
Kuwonjezera pa za maulendo, auzeni anawo za Yoshi. Anali loggerhead wamkazi amene anakhala zaka 20 ku Two Oceans Aquarium, malo osungira ndi kuonetsa zamoyo za m'nyanja ku Cape Town. Anamumasula mu Disembala 2017 atamuika kachipangizo kolondola komwe ali. Anayamba walowera ku Namibia ndi Angola, n'kutembenuka, kuzungulira kunsi kwa Africa, kuwoloka nyanja ya Indian yonse, mpaka mu 2020 anafika ku Australia. Ndiye mundiuze, kamba ameneyo ndi wa dziko liti?

Mlimi_wa_Dimba:
Ine mundikhululukire, ndikuona ngati beaver mukumukometsa kwambiri. Nyama yodula mitengo ndi kutseka mtsinje ingakhale bwanji yothandiza? Dimba langa lili m'mbali mwa mtsinje. Wina atatseka kumunsi, madzi n'kubwerera, kabichi ndi tomato wanga zamira. Ndingamuombere m'manja?

Mkamwini_wa_Perth:
Bambo, simuli nokha. Mawu anuwo ndi omwewo a alimi a kuno. Ndinagwirapo ganyu pafamu ina ya mbatata ya kachewere m'chigwa, ma beaver anatseka ngalande yotaya madzi, munda wina unasanduka thawale. Anabowolanso chiunda chotchinga mtsinje. Bwana wake anali munthu wofatsa koma tsiku limenelo anakwiya zedi, ndipo sindinamuone kulakwa. Ku Scotland ma beaver anatetezedwa ndi lamulo mu 2019, koma chaka chomwecho 87 anaphedwa ndi chilolezo cha boma chifukwa cha madandaulo a alimi. Anthu okonda nyama anadandaula kwambiri, ndipo pano ena amagwidwa amoyo n'kusamutsidwira kwina.

Koma mbali inayo iliponso. Pamwamba pa mtsinje, pomwe palibe minda, madamu awo amagwira madzi a mvula kuti asatsike onse nthawi imodzi. Ku Devon, ku England, anawayesa pa mtsinje wa Otter kuyambira 2015 mpaka 2020, ofufuza a ku yunivesite ya Exeter anapeza kuti madzi osefukira amatsika mofatsa kumunsi kwa madamuwo, ndipo boma linalola kuti akhale. Matope amatsalira m'damumo, madzi otuluka amakhala oyera, achule, nsomba ndi mbalame zimachuluka, chilimwe mtsinje suuma msanga. Mwachidule, beaver amapanga dambo. Inu a dimba mukudziwa kuposa ine kuti dambo likafa, zitsime za m'mudzi zimatsatira.

Mlimi_wa_Dimba:
Dambo ndikulidziwa ubwino wake. Koma wopindula ali kumunsi, womira ali kumtunda. Amene wamira amulipira ndani?

Kafukufuku_Zomba:
Funso limenelo ndi lenileni, ndipo komwe silinayankhidwe ndi komwe kumakhala mkangano. Walira mvula walira matope. Njira zilipo: amalowetsa paipi m'damu kuti madzi asapitirire msinkhu wina, amakulunga mitengo yofunika ndi waya, amasiya kamzere ka tchire m'mbali mwa mtsinje, pena amasamutsa banjalo. Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo ine ndili mbali yanu kuti asalipire mlimi yekha.

Za kudula mitengo, kwawo kwenikweni si vuto lalikulu, chifukwa mitengo ngati willow ndi aspen inazolowerana naye kuyambira kalekale. Akaidula imaphukira pachitsa, monga momwe tsamba ndi mombo zimaphukira kwathu kuno mukapanda kutentha chitsa.

MwanaWaTete:
Mwati kwawo kwenikweni. Nanga komwe si kwawo? Mu 1946 boma la Argentina linatenga ma beaver ochepa ku Canada n'kukawasiya ku Tierra del Fuego, kunsonga ya kumwera kwa South America, poganiza kuti ayambitsa malonda a ubweya. Malondawo sanayende. Kumeneko kulibe mimbulu kapena zimbalangondo zowadya, ndiye anaswana n'kuwolokera mpaka ku Chile. Mitengo yambiri ya kumeneko ikadulidwa kapena kumizidwa siphukiranso, nkhalango zinauma zili chiimire. Mu 2008 maiko awiriwa anasainirana pangano loti awathe onse, ndipo mpaka lero ntchitoyo ikadalipo. Nyama yomweyo yomwe ku Britain akuilandira ndi manja awiri, uko akuitchera misampha.

Dzidzi88:
Ndiye namasupuni wathu uja ameneyo. Maluwa okongola, koma taonani m'Shire.

WaKuSengaBay:
Eetu. Namasupuni anachokera ku South America, kwawoko ali ndi tizilombo tomudya. Kuno amatseka madoko, bwato osadutsa, ndipo zinyalala zake zimakafika mpaka kumakina a magetsi ku Nkula.

Chipata_Line:
Kwathu tili nayenso mu Kafue. Ndipo musaiwale nkhanu zija zachilendo zomwe zadzaza mu Kafue ndi ku Kariba, asodzi akudandaula kuti zimadya nsomba zili muukonde.

GogoNaphiri:
Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinthu chobwera chimafunika kuchiyang'ana kawiri.

Dzidzi88:
Ndiye wina asadzaganize zobweretsa beaver ku Mulanje kuti atisungire madzi.

Kafukufuku_Zomba:
Ayi ndithu, zimenezo zisachitike. Ku Britain akumubwezera komwe analiko mpaka anthu anamutha zaka pafupifupi 400 zapitazo. Ku Africa sanakhaleko.

MphunzitsiWaKuNtchisi:
Abale, namasupuni ndamulemba kuti akhale phunziro la payekha. Tibwerere kwa akamba. Mwamuna wanga akuti anamva pa wailesi kuti akamba a m'nyanja achotsedwa pa mndandanda wa nyama zomwe zili pangozi. Ngati zili zoona ndiye funso langa lagwa.

Kafukufuku_Zomba:
Amva zoona koma mbali imodzi. Mitundu ya akamba a m'nyanja ilipo 7. Mu Okutobala 2025 bungwe la IUCN, lomwe limasunga mndandanda wa nyama zomwe zili pangozi padziko lonse, linalengeza kuti mtundu umodzi, wotchedwa green turtle, wachoka pagulu la nyama zomwe zili pangozi, chifukwa chiwerengero chake padziko lonse chakwera ndi pafupifupi 28 peresenti kuyerekeza ndi zaka za m'ma 1970. Ndi nkhani yosangalatsa kwambiri. Koma onani nthawi yake: zaka 50 za kulondera magombe, kuletsa malonda ndi kusintha maukonde, kuti tipeze 28 peresenti. Ku Tortuguero, ku Costa Rica, katswiri wina dzina lake Archie Carr anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1950 ndipo anamwalira mu 1987, chilengezochi sanachimve. Funso la mwana wanu silinagwe, nkhaniyi ikulichitira umboni.

Mitundu ina zinthu sizili bwino. Hawksbill, amene ankaphedwa chifukwa cha chigoba chake chokongola chopangira zipeso, zibangili ndi mafelemu a magalasi, ali pangozi yaikulu. Kemp's ridley wa ku Gulf of Mexico chimodzimodzi. Leatherback wa ku nyanja ya Pacific watsika koopsa.

Nachisale_KZN:
Ngakhale pagombe lathu lomweli kusiyana kukuoneka. Chiyambire 1963 ma loggerhead achuluka kangapo, koma ma leatherback obwera kudzaikira sakwana 100 pa chaka, ngakhale mchenga ndi womwewo, alonda ndi omwewo. Leatherback amayenda kutali kwambiri pakati pa nyanja komwe kuli zingwe zazitali za mbedza. Amamira kupitirira mamita 1,000, ndipo chakudya chake ndi jellyfish, tinthu toterera toyandama tija. Jumbo ya pulasitiki ikamayandama m'madzi imaoneka chimodzimodzi, iye amameza. Tiana tina ta kuno timatengedwa ndi mkokomo wa madzi mpaka kugombe la Cape, anthu amatitola tofooka n'kupita nato kosamalira, ndipo tambiri timatulutsa tizidutswa ta pulasitiki.

Mkamwini_wa_Perth:
Leatherback amafika mpaka kuno kozizira kutsata jellyfish. Wamkulu kwambiri amene anayezedwapo anapezeka atafa pagombe la Harlech ku Wales mu 1988, wolemera makilogalamu opitirira 900. Anali atakodwa m'zingwe za asodzi.

GogoNaphiri:
Kalanga ine. Kukula konseko n'kufera chingwe.

MwanaWaTete:
Pali chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa pa nkhani za akamba. Ndinakhalako ku Inhambane ndi ku Pemba. M'madzi a Mozambique mumapezeka mitundu 5 mwa 7 ija, ndipo lamulo limaletsa kupha kamba kapena kufukula mazira. Lamulolo ndi labwino. Koma amene amagwidwa kawirikawiri ndi msodzi wa bwato laling'ono amene wapeza kamba muukonde wake n'kupita naye kunyumba kuti ana adye. Sitima zikuluzikulu zokoka maukonde pansi pa nyanja zimapha angati kutali komwe kulibe wowona? Chida chilipo, chitsulo changati sefa chomwe amaika muukonde kuti kamba atulukire pakhomo lapamwamba pomwe zofuna asodziwo zikudutsa. Koma ndani amakwera sitimayo kukaona ngati achimangadi? Wosauka ndiye wosavuta kumugwira.

Dzidzi88:
Zimenezo ndi zoona paliponse. Wa njinga ya makala amagwidwa, lole imadutsa.

Nachisale_KZN:
Achimwene a MwanaWaTete, ululu wanu ndaumva, ndipo za sitimazo sindikutsutsa. Koma kamba wamkulu wophedwa pagombe ndi wakufa basi, kaya wamupha ndi wosauka kaya wolemera. Chomwe ndaona chikugwira ntchito kuno ndi kulemba ntchito anthu a m'midzi yomweyo. Amene amayenda usiku kuwerenga zisa ndi kuperekeza alendo ndi ana a m'deramo, ena makolo awo ankadya mazira omwewo. Kutsidya kwa malire, ku Ponta do Ouro, amachitanso chimodzimodzi. Munthu akamalandira kanthu chifukwa kamba ali moyo, sufunika kumuopseza ndi ndende.

MwanaWaTete:
Ntchitozo ndi za miyezi ingapo, anthu ochepa. Mudzi wonse udya chiyani?

Kafukufuku_Zomba:
Nonse muli ndi mfundo. Pali malo amodzi omwe anayesa njira yapakati. Ku Ostional, ku Costa Rica, akamba a mtundu wa olive ridley amatuluka zikwizikwi nthawi imodzi, moti obwera pambuyo amafukula ndi kuswa mazira a anzawo oyamba. Boma limalola anthu a m'mudzimo kutola mazira a maola 36 oyambirira, omwe ambiri akanawonongeka ndithu, n'kugulitsa movomerezeka, iwo n'kumasamalira gombelo ndi kuperekeza tiana kumadzi. Akatswiri ena amatsutsa, akuti mazira akuba amabisala kumbuyo kwa ovomerezekawo pamsika. Ndipo njirayi singatheke pagombe la a Nachisale, pomwe akamba amabwera mmodzimmodzi.

WaKuSengaBay:
Za kusiyira anthu eni ake ulamuliro ife tikuzidziwa. Pa chilumba cha Mbenji kuno ku Salima, a Senior Chief Makanjira ndi anthu awo amatseka usodzi nyengo ya mvula n'kudzatsegula cha mu Epulo, mwambo womwe unayamba m'zaka za m'ma 1950. Pachilumbapo mowa saloleza, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Utaka wa pa Mbenji aliyense amaudziwa kukula kwake. Koma ndivomereze, nsomba imaswana chaka ndi chaka, ndiye msodzi amaona phindu la kudikira chaka chomwecho. Kuuza munthu kuti dikira zaka 36 ndi nkhani ina.

MphunzitsiWaKuNtchisi:
A WaKuSengaBay, mwandipatsa chitsanzo chomwe ana anga achimva msanga, ena kwawo ndi ku Salima konko. Funso lina laling'ono: m'buku lina ndinaona kuti kutentha kwa mchenga ndiko kumasankha kuti kamba akhale wamkazi kapena wamwamuna. Ndi zoona?

Kafukufuku_Zomba:
Ndi zoona, ndipo ng'ona zathu nazonso zimadalira kutentha kwa chisa. Kwa akamba malire ali pa madigiri pafupifupi 29. Mchenga ukatentha kuposa apo amachuluka ndi aakazi, ukazizira amachuluka aamuna. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti mwa ma green turtle aang'ono ochokera kumpoto kwa Great Barrier Reef ku Australia, oposa 99 peresenti anali aakazi. Kukatenthetsa kwambiri mazira amangofa. Onjezani kukwera kwa nyanja komwe kukumiza zisa, ndi magetsi a mahotela omwe amasokeretsa tiana, chifukwa timathamangira komwe kukuwala poyesa ndi kunyanja.

Apa mpomwe nyama ziwirizi zimasiyana kwambiri m'maso mwanga. Malo akamuipira beaver, amawakonza yekha. Damu lalitali kwambiri lodziwika lili ku Wood Buffalo National Park ku Canada, mamita pafupifupi 850, ndipo linaonedwa koyamba pa zithunzi za setilaiti mu 2007. Mibadwo ya ma beaver inalimanga popanda munthu kudziwa. Ku America aona kuti moto wolusa ukadutsa, malo a madamu awo amatsala obiriwira. Kamba alibe luso lotero. Akhala m'nyanja zaka zoposa 100 miliyoni, koma gombe lake likamangidwa khoma la simenti sangalikonze.

Chipata_Line:
Koma kamba naye ali ndi ntchito yake m'nyanjamo, kapena amangodya?

Nachisale_KZN:
Ali nayo achimwene. Green turtle amadya udzu wa pansi pa nyanja ngati ng'ombe padambo, udzuwo n'kumaphuka wanthete, ndipo m'menemo ndi moswanirana nsomba. Hawksbill amadya zinthu zangati siponji zomwe zikanaphimba matanthwe a korali. Mazira osaswa amasanduka manyowa a zomera zogwira mchenga wa pagombe.

Mlimi_wa_Dimba:
Ine pa beaver sindinasinthe maganizo kwenikweni, pafupi ndi dimba langa sindingamufune. Koma ndamva kuti vuto si nyamayo, ndi pomwe ili. Chimene sindinamve, anawathera chiyani poyambapo? Nyama yake?

Mkamwini_wa_Perth:
Nyama ankadya, koma chachikulu chinali ubweya wopangira zipewa za anthu olemera ku Ulaya, ndi mafuta ena onunkhira a m'thupi mwake omwe ankapangira mankhwala ndi perefyumu. A ku Ulaya atatha, amalonda anatembenukira ku North America. Kampani ya Hudson's Bay inakhazikitsidwa mu 1670 makamaka chifukwa cha zikopa zimenezi. Zipewa za silika zitatchuka m'zaka za m'ma 1800 msika unagwa, kenako malamulo oletsa kusaka anabwera, ndi kuwasamutsira m'mitsinje momwe anatha. Lero chithunzi chake chili pa ndalama ya 5 cents ya ku Canada. Mdani wake anali mmodzi, msampha. Atachotsa msampha, zotsalazo anachita yekha.

Kafukufuku_Zomba:
Pomwe kamba adani ake ndi ukonde, mbedza, pulasitiki, magetsi, kutentha, wofukula mazira ndi womanga pagombe, aliyense m'dziko lakelake.

GogoNaphiri:
Aphunzitsi, mukakamuyankha mwanayo mukamuuzenso kuti agogo ena pagulu pano anyadira funso lake. Asasiye kufunsa.

MphunzitsiWaKuNtchisi:
Ndikamuuza agogo, asangalala. Ndaganiza kuti yankho ndisamupatse lophikaphika. Ndigawa kalasi pawiri, gulu lina likhale ma beaver, lina akamba, aliyense ndi nyemba zake. A beaver aziwonjezera nyemba zitatu pa banja chaka chilichonse, ana n'kuyamba kubereka chaka chachitatu. A akamba ndiwapatsa nyemba zodzaza mbale, koma azichotsa zonse kusiya imodzi, ndipo imodziyo isabereke mpaka tiwerenge kufika 36. Ndikufuna mtsikana uja aone yekha pomwe mizere iwiriyo ikusiyanirana. A WaKuSengaBay, ngati mungapeze chithunzi cha nkhasi yathu ija munditumizire, ndikufuna ndimalizire ndi iyo. A Nachisale, kodi muli ndi vidiyo ya tiana tikutuluka mumchenga?

Nachisale_KZN:
Ya chaka chatha ndi yamdima kwambiri chifukwa fulashi saloleza. Tiana timayamba kutuluka cha mu Januwale mpaka Malichi, ndipo nthawi zina timatuluka m'bandakucha kukuyera. Ndikapeza mpata wotero ndijambula ndi kukutumizirani. Pakadali pano ndili ndi chithunzi cha mkukuluzi wa leatherback pamchenga, mwana wanga wa zaka 9 atagona chopingasa pakati pake koma osafika mbali zonse ziwiri. Ndikutumizirani madzulo ano ndikaweruka.

WaKuSengaBay:
Cha nkhasi ndilibe. Ndifunsa asodzi a ku doko mawa m'mawa, koma musadalire kwambiri, papita nthawi asanaikole.